Kukajambula Zigwa Zofiira Maso Akutha

Chaka chomwe amuna anga anasiya kuyendetsa basi mu Liverpool, m'nyumba mwathu munasowa mtendere ngakhale panalibe wokangana ndi mnzake. Matenda a shuga anali atawagwira maso. Poyamba ankangoti akuona chimbuuzi dzuwa likamalowa, kenako zikwangwani za mumsewu zinayamba kuwasokoneza, ndipo adokotala atawayeza anawauza kuti asagwirenso chiwongolero. Ine ndine nesi, ndinkadziwa komwe zinthuzi zinkalowera, koma kuti ndiwauze pakamwa pankalemera. Ndikaweruka kuntchito ndinkawapeza pomwe ndinawasiya, pampando wa pawindo, akuyang'ana mvula.

Chomwe chinawatsalira ndi kamera. Kwa zaka zambiri ndiwo ankajambula maukwati ndi maubatizo a Amalawi a kutchalitchi kwathu, ndipo ankapitanso ku kagulu kena ka anthu okonda kujambula. Kumeneko ndi komwe anaona zithunzi za chipululu china cha ku Amereka, cha miyala yofiira ndi zigwa zakuya ngati dziko lachita kung'ambika. Anamvanso kuti kuli anthu omwe amatenga alendo ochepa n'kumayenda nawo m'zigwamo, kuwaonetsa malo oima ndi nthawi yomwe kuwala kumakhala bwino.

"Mayi, ndikufuna ndikajambule malo amenewa maso asanatheretu," anatero tsiku lina ndikuwathira mankhwala m'maso.

Ndinakana. Ndinawauza za kutentha, za insulini, za kutalikira kwa chipatala. Anangotembenukira kuwindo. Amene anandigonjetsa ndi mwana wathu wamkazi, yemwe anabadwira konkuno ndipo Chichewa amangomva koma osayankha. Ananditsatira kukhitchini n'kundiuza m'Chingerezi kuti, "Amama, mukuwasunga ngati wodwala wa mu wodi yanu. Asiyeni apite, ndipo inu mupite nawo."

Tinapitadi. Gulu lathu linali la anthu ochepa, ambiri azungu achikulire okhala ndi makamera akuluakulu. Wotitsogolera anali mzimayi wowonda, wopsa ndi dzuwa, wosalankhulalankhula. Tisanakwere galimoto yake, amuna anga anandikokera pambali.

"Za maso angazi zithere pakati pa awirife. Sindinabwere kuno kudzamveredwa chisoni."

"Nanga mukagwa?"

"Inu mwabwera kudzatani?"

M'mawa woyamba tinaima pamwamba pa phompho kunja kukuyera. Dzuwa litatuluka, miyala inayamba kufiira kuchokera pamwamba kutsikira pansi ngati makala opemereredwa. Kunkangomveka makamera okha. Amuna anga anaika kamera pa choimikira chake cha miyendo itatu, uku akung'ung'udza nyimbo ya kukwaya. Chisiyireni ntchito ndinali ndisanawamve akuimba. Ine malowo sindinawaone bwino. Maso anga anali pa nsapato zawo ndi pomwe mwala unathera.

Masana tikudya anandipatsa kamera kuti ndione zomwe ajambula. Zithunzi zina zinali zokongola ndithu. Zambiri zinali zopendekeka, zina chimbuuzi chokhachokha.

"Zatuluka bwanji?"

"Zina zili bwino, zina mwaphonya."

"Zachuluka ndi ziti?"

Nditachedwa kuyankha, analanda kamerayo n'kuibwezera m'chikwama.

Tsiku lotsatira tinalowa m'chigwa chopapatiza kwambiri, choti munthu akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. Kungochoka padzuwa kulowa mumthunzimo, iwo sanaonenso kanthu. Ndinamva dzanja lawo likufufuza phewa langa. Tinayenda choncho, ine patsogolo, ndikuwanong'oneza m'Chichewa: apa pali mwala, apa weramani, apa ndi poterera. Anzathu aja ankayesa ndi chikondi, moti mayi wina wachikulire anatimwetulira. Koma wotitsogolera uja ndinamuona atatiyang'ana nthawi yaitali.

Zinachitika madzulo a tsiku lomwelo, pa phompho lina lomwe pansi pake pamakhota mtsinje. Kunali mphepo. Ndinawerama kuti nditulutse botolo la madzi m'chikwama, ndipo poweramuka ndinaona amuna anga atanyamula choimikira chija, akusendera kutsogolo kuti mtsinjewo ukwane wonse m'chithunzi. Dzuwa linali kumaso kwawo. Mwala womwe anapondapo ndi khoma la kutsidya zinali za mtundu umodzi, ndipo kwa iwo unali mwala umodzi wopitirira. Mwendo wina wa choimikiracho anauika m'malere, thupi lonse n'kuutsatira.

Mzimayi wotitsogolera uja sindikudziwa kuti anatulukira kuti. Anawagwira lamba cha kumbuyo n'kuwakoka ndi mphamvu zake zonse, onse awiri n'kugwa chagada pamwala. Kamera inapulumuka chifukwa inali ikulendewera m'khosi, koma choimikira chinapita. Tonse tinatchera khutu kuti timve chikugwa pansi. Sitinamve kanthu.

Anthu atayamba kubwerera ku galimoto, mzimayiyo anakhala pansi pambali pa amuna anga n'kuwalankhula motsitsa mawu. Sanawakalipire. Anangoti sawalolanso kufika m'mphepete, ndipo ulendo wa mawa, wotsikira m'chigwa chachikulu, iwo atsale pa galimoto. Anavomera ndi mutu, chigongono chikuchucha magazi. Nditabwera ndi bandeji anachotsa mkono.

"Munamuuza," anatero.

"Sindinamuuze."

"Nanga wadziwa bwanji?"

"Bambo, munthu uja ali ndi maso."

Ndinazindikira mochedwa momwe mawu amenewo anawalasira. Anadzuka okha, n'kumapapasa njira ndi phazi mpaka ku galimoto, osalola kuti ndiwagwire.

Kutacha anzathu anatsikira m'chigwa, ife n'kutsala pamthunzi wa thanthwe lina, galimoto ili pambali. Kunalibe chilichonse choyenda kupatula abuluzi ndi khwangwala mmodzi. Kamera sanaitulutse. Nthawi yoyeza shuga itakwana anandipatsa chala osandiyang'ana. Ndinakhala pomwepo ndikudzifunsa ngati ndinalakwa kuvomera ulendowu, kapena ndikanalakwa koposa ndikanaukana. Mpaka lero yankho ndilibe.

Dzuwa lili paliwombo analankhula.

"Tandiuzani zomwe mukuona kutsidyako."

Ndinayesetsa. Ndinati khoma lake ndi lofiira ngati katondo, lili ndi mizere yoyera yopingasa, ndipo pamwamba pali kamtengo kamodzi kopindika. Ndinati pansi penipeni ndikuona anzathu aja ngati nyerere. Ndili mkati mofotokoza ananyamula dzanja.

"Basi, zakwana."

Titabwerera ku Liverpool tinapeza mvula yomwe ija. Kutchalitchi anthu anawazungulira kufunsa za ulendo, iwo n'kumangoti, "Kunali kotentha." Mwana wathu analumikiza kamera ku wailesi ya kanema kuti tionere limodzi zithunzizo, bambo ake n'kudzuka kupita kuchipinda. Ine ndinaonera naye mpaka kumapeto, ndipo m'pamene ndinayamba kuona kukongola kwa malo omwe ndinafikako ndi mapazi anga. Nyengo yozizira isanathe, diso lawo lamanzere linatsekeratu.

Nkhani ya phompho lija sitinaikambe kwa miyezi. Inadzatuluka yokha tsiku lina tili pamzere kuchipatala cha maso, tikudikira kuti akawabaye jakisoni m'diso lotsalalo. Anali atagwira chipewa pamaondo, akuchizunguliza.

"Mzimayi uja anali ndi dzanja lamphamvu," anatero mwadzidzidzi. "Lamba uja anaduka, mukudziwa?"

Ndinati ndikudziwa, ndinamutaya ndine.

"Sindinamuthokoze. Mpaka tinasiyana pabwalo la ndege, sindinamuthokoze."

"Ndinamuthokoza ine m'malo mwanu."

"Si chimodzimodzi."

Ndinafuna kuwafunsa ngati tsopano akukhulupirira kuti sindinawaulule, koma nesi wa pamenepo anatuluka n'kuwaitana. Anaimirira, n'kudikira kuti ndiwapatse mkono.