Mpeni wa amalume pathabwa la Aiguputo

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka pakamwa, Lolemba lotsatira ulendo wa woyendera sukulu, m'nyengo yozizira ya chaka chomwe ndinali Sitandade 8. Madandaulo enawo ndinachita kulemba, ndipo makope ake ndili nawo, pamodzi ndi mayankho, omwe ndi ochepa. Nkhani yake ndi imodzi: mpeni wa amalume.

Unali mpeni wosulidwa kuchokera ku sipuling'i ya lole, chogwirira chake cha mlombwa, chakuda ndi thukuta. Amalume ankang'ambira nsungwi ndi kuzipala poluka malichero ndi nkhokwe. Ukalowa munsungwi unkalira ngati nsalu ikung'ambika. Ife ana sitinkaloledwa ngakhale kusendera nzimbe.

Aphunzitsi athu, pasukulu ya kufupi ndi Nsaru, anali atatola kwinakwake buku lothothoka chikuto la kalembedwe ka Aiguputo akale. Anawerenga masamba angapo n'kuyamba kuyenda ngati kwawo n'komweko. Pamene anzathu a sukulu zina ankakonzekera mayeso, ife tinkalimbana ndi liwu limodzi lotanthauza kudula. Limalembedwa ndi zithunzi zinayi: dziwe, mkono, dzanja, ndi mpeni kumapeto. Zitatu zoyambazo ndiye zimatchulidwa. Ankatiuza kuti tizinena kuti "shad", ngakhale anavomera okha kuti palibe wamoyo amene akudziwa mmene eni ake ankatchulira. Mpeniwo sutchulidwa, umangoima pamenepo kusonyeza kuti apa pali zodula. M'chiganizo liwuli limatsogola, wodulayo n'kutsatira, kenako chodulidwacho. Zonsezi n'zoona, ndinazifufuza nditakula. Ndi Aiguputo ndilibe nawo mlandu.

Zitamveka kuti kukubwera woyendera sukulu, aphunzitsi anajambula liwulo pathabwa ndi penti. Dziwe linatheka, mkono ndi dzanja zinatheka, koma mpeni unkatuluka ngati nthochi. Loweruka anatulukira kwathu pa njinga, napeza amalume atakhala pakati pa nsungwi.

"Bambo, tibwerekeni mpeniwu. Mlendo akangochoka, ubwera ndi mwanayu."

Amalume anaupukuta pa kabudula, naupereka ndi manja awiri. "Tengani, aphunzitsi."

Aphunzitsi anaumangirira pathabwa ndi waya. Mlendo anabwera, anagwedeza mutu, anadya nkhuku, napita. Thabwa linakakolekedwa muofesi. Lolemba lija ndinaimika dzanja n'kufunsa za mpeni.

"Kodi iwe," anatero aphunzitsi, "ukufuna liwu la makedzana likhale lopanda mchira chifukwa cha lichero, eti?"

Kalasi inaseka, ine ndinalandira zikoti. Munthu ameneyu ankadziwa mmene anthu akufa ankalembera kudula, koma zoti chobwereka chimabwezedwa zinali zisanamufike.

Chimanga chinali chitakololedwa kale, chili mulu pabwalo, nkhokwe ili theka. Amalume anayesa chikwanje, nsungwi zinkang'ambika mokhota. Anayamba kupala ndi botolo losweka, ndipo linawacheka chala chachikulu mpaka chinatupa n'kuyamba kununkha. Amayi ankachimanga ndi kansanza koviika m'madzi amchere. Chiswe chinalowa mumulu kuchokera pansi. Tikafukula tinkapeza zitsononkho zokhazokha, zomatidwa dothi lofiira.

"Achimwene, sukulu ili apa pomwepa, osangopita bwanji?" ankatero amayi.

"Asiyeni, mwana alembe kaye," ankayankha amalume.

Mayeso ndinalemba ndipo ndinakhoza. Liwu la Aiguputo silinabwere pa funso lililonse. Chala cha amalume sichinapindikenso mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda. Aphunzitsi aja anasamutsidwira kwina, nawonso anatsogola kalekale. Koma thabwa likadali muofesi, pamwamba pa kabati. Ndinaliona ndi maso anga mwezi watha: penti yafufutika, mpeni wachita dzimbiri, waya ndi yemwe uja. Yankho lomaliza lomwe ndinalandira likuti mpeniwo ndi katundu wa sukulu. Amene analemba zimenezi anali asanabadwe pamene mpeniwo unkasulidwa, ndipo nditamufunsa tanthauzo la zithunzizo anati mwina ndi za ukhondo wa m'manja.

Nyengo imeneyo amalume ndinkawaona ngati munthu wamantha, ndipo ndinkachita nawo manyazi. Ndinkadabwa kuti bambo wamkulu, wotha kunyamula mtolo wa nsungwi kuchokera kudambo osapuma, akulephera kuyenda kamtunda kakafupi kukaitanitsa chake. Sindinkadziwa kuti mayina a ana okalemba mayeso ankatumizidwa ndi aphunzitsi omwewo, ndi kuti mwana wa kholo lovuta ankangouzidwa kuti abwereze kalasi.

Choncho ndikupempha a komiti ya sukulu, mwaulemu, kuti mumasule waya uja, mubweze mpeniwo kubanja lathu, ndipo mundiyankhe molemba. Ngati liwulo silingakhale lopanda mpeni, jambulanipo wina. Penti ndigula ndine.