Mizere Imene Ndinafufuta

Ndinayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta nditatopa ndi kukwera makwerero. Ntchito yanga inali kuthandiza azakhali anga ku Kawale kukongoletsa maholo a maukwati: kumanga nsalu, kuveka mipando, kupachika maluwa apulasitiki. Loweruka ndiye linali la maukwati, choncho ndinkapita kukaphunzira Lachiwiri ndi Lachinayi masana, m'kachipinda kena ku Biwi, kuseri kwa anthu owotcherera zitsulo.

Aphunzitsi athu anali mayi wina wa ku Area 25, wolankhula mothamanga. Anati aliyense apange webusayiti ya bizinesi imene akuidziwa. Ine ndinasankha ya azakhali, yokhala ndi tsamba la mipando, la matenti ndi la maluwa.

Malangizo amene tinkalembera kompyuta ankawatcha khodi. Anatiuza kuti khodi yoyankha munthu akatsegula webusayiti tiziisonkhanitsa m'kagulu kamodzi kotchedwa kontirola, m'kati mwake muzikhala kantchito ka tsamba lililonse. Pamwamba pa kagulu kaja ndi pa kantchito kalikonse tinkaika mzere waufupi woyamba ndi chizindikiro cha @, wotsatana ndi mawu ngati /mipando. Mzerewo ankautcha dekoleta, kutanthauza chokongoletsa.

Nditamva dzinalo mtima unakhala pansi. Zokongoletsa ndimazidziwa, holo ukaichotsa nsalu imakhalabe holo. Litayandikira tsiku loonetsa ntchito, ndinaona kuti khodi yanga yathithikana, ndipo ndinafufuta mizere yonseyo kuti ioneke yaudongo. Kompyuta sinadandaule kanthu.

Tsikulo azakhali anabwera okha kudzaona. Ndinawakhazika kutsogolo, n'kudina tsamba la mipando. Panabwera manambala 404 ndi mawu oti tsambalo kulibe. La matenti chimodzimodzi.

"Mipando yanga ili kuti, iwe?" anafunsa azakhali.

"Ilipo, azakhali. Si iyi." Ndinawalozera khodi, poti ndithu zonse zimene ndinalemba zinalipo.

Aphunzitsi anawerama n'kuyang'ana. "Achemwali, madekoleta aja mwapita nawo kuti?"

"Ndachotsa, Madamu. Si zokongoletsa chabe?"

Sanaseke. Anakoka mpando. "Minibasi ili pa depoti, injini ikulira, dalaivala alimo. Koma pagalasi palibe chikwangwani. Wopita ku Area 23 aidziwa bwanji? Seva, pulogalamu yolandira anthu pa webusayiti, ikamadzuka imawerenga mizere ija, n'kulemba kuti njira yakuti ikupita ku kantchito kakuti. Mwachotsa, ndiye ilibe kolozera munthu."

"Nanga amene amaitana kantchitoko ndani? Ine sindinalembe paliponse kuti kayambe."

"Seva yomweyo."

"Nanga n'chifukwa chiyani anachitcha chokongoletsa?"

"Chifukwa chimaikidwa pamwamba pa chinzake. Musalimbane ndi dzina."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva, koma m'mutu munali chipwirikiti. Ndinabwezeretsa mizere ija anzanga akudikira. Masamba anatseguka, koma ndinali nditasemphanitsa iwiri: ukadina mipando pankabwera matenti. Azakhali anayang'anitsitsa, n'kunena kuti tenti yoyera ija inang'ambika kalekale, ndichotse chithunzi chake anthu angamaifunse.

Ndinakonza Lachinayi lotsatira. Mpaka pano ndimaika mizereyo pamalo pake ndipo masamba amatseguka, koma wina atandifunsa kuti seva imaiwerenga nthawi yanji kwenikweni, ndingayambe kuchita chibwibwi.