Keke Yakuda ya Ukwati wa Canice

Ine ndi Dympna Loftus tinkakhala benchi imodzi kusukulu ya masisitere, ndipo mpaka lero nyumba zathu zimayang'anizana pamsewu wa m'mudzi mwathu muno, kufupi ndi Swinford. Dzina langa ndine Goretti. Ndimayendetsa sitolo ndi bala zomwe anandisiyira malemu amuna anga: sitolo kutsogolo, bala kuseri, pakati pake chitseko chimodzi. M'sitolo Dympna amalowa pafupifupi tsiku lililonse, koma chitseko chapakaticho sanachikhudzepo mpaka chaka chomwe mlongo wake anakwatira.

Tsiku lomwe tinalandira Ulimbitso, ana tonse tinalumbira pamaso pa bishopu kuti sitidzalawa mowa mpaka titakula. Enafe lumbirolo linathera padansi yoyamba. Dympna yekha analisunga, ndipo atakula analowa m'gulu la odziletsa mowa moyo wonse. Kabaji kake ka Mtima Woyera sikankachoka pachifuwa. Koma sanali munthu wolalikira anzake. Mwamuna wake Jarlath, yemwe ankayendetsa basi ya ana asukulu, ankabwera kwa ine Loweruka kudzamwa tambula yake, iye osanena kanthu.

"Ndinalonjeza ndekha," ankatero ukamufunsa. "Sanandigwire pakhosi."

Chimene chinamutchukitsa Dympna ndi uvuni. Pamaliro, paubatizo, ngakhale anyamata a parishi akapambana mpira, pathebulo pankakhala buledi wake wa soda, masikono, ndi keke ya zipatso zonyika mu tiyi. Sikelo anali nayo koma inkangokhala pamwamba pa kabati. Iye ankaviika chala m'mbale, kunyambita, kutsinzina pang'ono, n'kudziwa chomwe chikuperewera.

Mlongo wake wamng'ono, Canice Ruane, sanakwatirepo mpaka imvi zinamera. Ankaweta nkhosa pamalo a makolo awo kumtunda kwa mudzi. Chiyambire ubwana anali wowonda ngati mtengo wa mpanda, wotuwa nkhope, m'mimba mosatha. Dympna ankamutumizira buledi wotentha m'mawa uliwonse kuti mwina anenepeko. Canice atadutsa zaka makumi asanu ndi limodzi, dokotala wina ku Castlebar anamuyeza n'kupeza kuti thupi lake siligwirizana ndi tirigu ngakhalenso balere, ndipo ndi zomwe zinkamupweteka m'matumbo moyo wake wonse.

Dympna anabwera m'sitolo tsiku limenelo, n'kukhala pathumba la chakudya cha nkhuku.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikumudyetsa chiphe mwana wa mayi anga," anatero, "ndiponso ndikumupakira batala."

Tinaseka, kenako analira pang'ono.

Canice anataya buledi ndi mowa tsiku limodzi, pakuti sitauti, mowa wathu wakuda uja, amafulula ndi balere. Ankabwerabe kubala, n'kukhala pakona pake ndi botolo la chakumwa cha malalanje, maso ali pa dzanja langa ndikamathirira ena. Ndinamumvera chisoni, ndiye ndinaitanitsa sitauti ya anthu a matenda akewo kwa ofulula ena ang'onoang'ono a ku Cork. Canice anangoyang'ana botolo n'kulikankha.

"Mowa wa odwala umenewu? Kapereke kuchipatala, Goretti."

Mabotolowo anatsalira pashelefu, fumbi likuwakuta.

Komabe munthu anachira. Masaya anatuluka, nkhope inawala, ndipo anayamba kupita kudansi ya Lamlungu masana kuhotela. Kumeneko anakumana ndi Imelda Tuohy, mayi wamasiye yemwe anagwira unamwino ku Birmingham n'kubwerera kwawo atapuma. Anali wamfupi, wolankhula mosabisa, wokonda zipewa zazikulu. Dympna sanamukonde msanga. Munthu wadyetsa mlongo wake moyo wonse, lero wina abwere adzamuuze zoyenera kukhala m'mbale yake?

Atalengeza za ukwati, Imelda anamupeza Dympna m'sitolo mwanga akusankha mazira.

"Alamu, ndimakufunani," anatero Imelda. "Ku Birmingham ndinadyako keke ya chokoleti yothira sitauti. Yakuda bii, pamwamba kirimu woyera wothira mowa wotsekemera uja wa wisiki ndi mkaka, moti imaoneka ngati tambula ya sitauti ndi thovu lake. Ndikufuna Canice adye imeneyo paukwati wake, yopanda tirigu. Koma za lumbiro lanu ndikuzidziwa. Ngati n'zovuta, ndikaitanitsa ku Galway."

"Ku Galway," anabwereza Dympna, akuika dzira m'bokosi pang'onopang'ono.

"Kuli akatswiri kumeneko."

"Keke ya mlongo wanga sikwera basi," anatero Dympna. "Idzawoloka msewu basi."

Mawa lake masana anatsegula chitseko chapakati chija n'kulowa mubala. Amuna omwe ankaonera mpikisano wa akavalo pa TV anatembenuka onse. Malachy Durkan, nkhalamba yomwe imafika ndisanatsegule n'komwe, ndiye analankhula.

"Mayi Loftus, mwasokera. Tchalitchi ndi kumtunda uko."

"Ndabwera kudzaona komwe imathera penshoni yako, Malachy. Ndimayesa ndi malo okongola."

Anatenga mabotolo a fumbi aja ndi botolo limodzi la mowa wa kirimu. Ndinafuna kumuikira m'jumbo koma anakana.

"Ukabisa m'pamene anthu amanena."

Anawoloka msewu mabotolo atawafungata poyera, kabaji kali pachifuwa. Anthu ananenabe. Pofika madzulo wina anali atamuuza kale mkazi wa wapositi kuti ukwati wa Canice wamusokoneza mutu Dympna.

Asanayambe kuphika anasesa khitchini yonse kuti musatsale ngakhale fumbi la tirigu. Anagula sefa yatsopano, mipande yatsopano, ndi chitini chophikira chatsopano. Jarlath anathamangitsidwira kushedi ndi buledi wake ndi kamakina kowotchera buledi, ndipo m'mawa ndinkamuona atakhala pakhomo la shedi, jasi kumutu chifukwa cha mvula, akudya ngati mlendo.

Vuto lalikulu linali lakuti Dympna sakanatha kulawa zomwe ankaphika. Choncho wolawa ndinali ine. Keke yoyamba anaphika ndi ufa wa mpunga wokhawokha. Inaoneka bwino, koma mpeni utangoikhudza inamwazika ngati mchenga. Yachiwiri inafufuma mosangalatsa, kenako inagwa pakati n'kusiya dzenje loti mphaka akhoza kugonamo. Dympna sanataye mtima. Anayamba kusakaniza ufa wa mpunga ndi wa mtedza wa alimondi ndi ufa wosalala wa mbatata, anawonjezera dzira, ndipo anazindikira kuti phala la keke yotere limafuna kulisiya lipume kaye lisanalowe mu uvuni, kuti ufa wa mpunga umwe madzi.

Ndinkakonda kumuonerera. Ankathira sitauti m'poto pamodzi ndi batala, pamoto wochepa, batala akusungunuka m'thovu. Kenako ufa wa koko ndi shuga, akutakasa mpaka zonse zitada ndi kunyezimira. Fungo lake linkafika mpaka pamsewu. Pambali ankamenya mazira ndi chambiko, n'kuziphatikiza poto atazizirako, ufa n'kubwera pomaliza. Nkhope ankaitembenuzira kumbali kuti nthunzi isamulowe m'mphuno.

"Lawa," ankatero ikapsa.

"Ili bwino."

"Bwino wake uti? Yowawa? Yotsekemera? Youma?"

"Ili bwino basi, Dympna."

"Lilime lako linafa kalekale ndi utsi wa mubala."

Atatopa nane anapita kwa Bambo Heneghan, wansembe wathu, kukafunsa ngati kulawa keke yotere n'kuswa lumbiro. Abambo anaganiza kaye, n'kuyankha kuti mowa wa m'kati mwa keke wambiri umauluka ndi moto, koma wa mu kirimu wapamwamba uja sumaona moto, ndiye umakhala uli wamoyo. Dympna anati ngati zili za "wambiri" osati "wonse", iye sakhudza chilichonse. Abambo anadzipereka kuti azithandiza kulawa. Kuyambira pamenepo galimoto lawo linkaima pakhomo pa Dympna kawirikawiri kuposa pakhomo pa odwala, koma nawonso ankangoti, "Mulungu akudalitseni, mayi, ndithirireniko tiyi wina."

Kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike, tinali atatu m'khitchini mwake masana: iye, ine ndi Imelda. Makeke atatu, yaikulu, yapakati ndi yaing'ono, anali atazizira pathebulo, akuda ndi osalala, osagwa pakati. Kunatsala kirimu wapamwamba. Dympna ankamenya batala ndi tchizi chofewa ndi shuga wosalala, Imelda akuthira mowa wa kirimu pang'onopang'ono. Apo n'kuti akukangana za galu wa Canice.

"Galu amagona panja," anatero Imelda.

"Galu ameneyo wagona kumiyendo kwa Canice chibadwire. Inu ndinu obwera, alamu."

"Ndiye asankhe, ine kapena galu."

"Musamufunse zimenezo. Yankho lake silingakusangalatseni."

Ali m'kati molankhula choncho, Dympna anaviika chala m'mbale, n'kuchiika m'kamwa. Dzanja linangochita zomwe linazolowera. Anazindikira chala chili kale pa lilime. Anaima chilili, maso ali pa ife.

Imelda anatembenukira kuwindo. "Ine ndimayang'ana mvula," anatero. "Mawa ikhoza kukata."

"Ine magalasi ndasiya m'sitolo," ndinatero.

Dympna anatsinzina. Tinadikira, ndipo ine ndinkaopa kuti alira.

"Shuga wachuluka," anatero potsiriza. "Masabata onsewa iwe Goretti ndi Abambo mukudya zimenezi osandiuza?"

Anathira kamchere pang'ono, anawonjezera tchizi, anamenyanso, ndipo ulendo uno mbale anaikankhira kwa Imelda. Imelda analawa.

"Tsopano mowa ukumveka. Koma m'mphepete mukufunika kumenyanso, muli timibulu ta batala."

Dympna anamuyang'ana mlamu wakeyo kwa kanthawi. "Mukanabwera kale inu," anatero. Kenako anakhala pampando n'kuyamba kuseka mpaka misozi, akupukuta ndi epuloni.

"Wamva bwanji?" ndinamufunsa.

"Kukoma. N'chifukwa chake sindidzayambiranso."

M'mawa wa tsiku la ukwati anawadikirira Abambo Heneghan kukhomo la sakiristiya n'kuwauza yekha zomwe zinachitika. Anandiuza pambuyo pake kuti Abambo anati, "Chala chimodzi moyo wonse, mayi? Pitani mukakhale pansi, Mulungu ali ndi milandu ikuluikulu lero."

Phwando linachitikira muholo ya parishi. Mvula sinakate, koma palibe anadandaula. Jarlath ndi ine tinanyamula keke kuwolotsa msewu, Dympna ali pambuyo ndi ambulera, akufunditsa keke, ife tikunyowa. Itaikidwa pathebulo anthu anaunjikana. Inali yakuda m'mbali, pamwamba kirimu wokhuthala ngati thovu, akutsetserekera pang'ono m'mphepete.

Canice anakhala akukana keke pamaphwando onse chimupezere dokotala matenda aja, choncho atadula anangopereka mbale kwa mkazi wake.

"Idya iwe," anatero Imelda. "Ndi yako. Mulibe tirigu."

Canice anayang'ana kwa Dympna. Dympna anagwedeza mutu. Canice analuma, n'kutafuna nthawi yaitali. Analumanso. Kenako anaika foloko pansi n'kupukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Muli sitauti umu," anatero.

"Muli," anayankha Dympna.

"Ya kuti? Mukufuna ndigone kuchipatala tsiku la ukwati wanga?"

"Ndi mowa wa odwala uja unakana," ndinamuuza.

Canice anayang'ana mbale. "Goretti," anatero motsitsa mawu, "mabotolo aja anatsalako?"

Malachy, yemwe anali atadya kale zidutswa ziwiri, anafuula kuti Mayi Loftus atsegule bala yawo, iye asamukira komweko. Dympna anavina ndi mlongo wake, anavina ndi Abambo, ndipo chipewa cha Imelda chitagwa pakati pa dansi ndi iye anachitola n'kumuveka.

Mbiri ya kekeyo inafika ku Foxford ndi ku Kiltimagh. Kuno kumadzulo kwa dziko lathu anthu a matenda a Canice ndi ambiri kuposa momwe tinkaganizira, ndipo anayamba kugogoda pakhomo pa Dympna: wina ali ndi mwana woti alandire Ukaristia woyamba, wina ali ndi mayi okalamba omwe sanadyepo keke patsiku lawo lobadwa kwa zaka zambiri. Jarlath anapuma ntchito ya basi n'kukonza shedi ija kukhala khitchini yachiwiri, ya zopanda tirigu zokhazokha. Imelda ndiye amalawa ndi kuperekeza makeke pagalimoto lake. Iye ndi Dympna amakangana tsiku lililonse, ndipo mmodzi akadwala chimfine winayo amasowa mtendere. Galu amagona m'khitchini mwa Canice, pafupi ndi mbaula, ndipo aliyense wa awiriwo amati anapambana ndi iye.

Chaka chino chiuno chayamba kumuvuta Dympna, sathanso kuima nthawi yaitali pathebulo. Mipando ya m'nyumba mwake ndi yaifupi, ndiye anatuma Jarlath kudzabwereka mpando umodzi wautali wa mubala mwanga. Amaphika atakhala pamenepo, miyendo ikulendewera, wailesi ikuimba pawindo. Ndinapita kukaufunsa mpandowo mwezi watha. Anandipatsa tiyi ndi sikono, n'kundiuza kuti ndigule mpando wina.