Madzi m'thanki ya petulo

Madalaivala amamutchula Fulu. Ena amati dzinali linachokera pa funso lake la tsiku ndi tsiku, "Fulu thanki, bwana?" Ena amati ayi, n'chifukwa choti amathira mafuta mwachifatse ngati fulu akuwoloka msewu. Anayamba ntchito pa siteshoni ya mafuta ya pamphambano asanakwatiwe, pano mwana wake woyamba ali ku sekondale. Yunifolomu yake imanunkha petulo ngakhale itachapidwa, moti mwamuna wake, telala wa pakhonde la sitolo, amaseka kuti kwawo machesi amayatsira panja.

Ntchitoyi inamuphunzitsa kukayikira, poti iyenso palibe amene amamukhulupirira. Dalaivala amatsika m'galimoto kudzaona manambala a pampu ndi maso ake. Wina amanunkhiza paipi, kuti mwina mwasakanizidwa palafini. Mtengo ukakwera amatukwana iye, ngati zitsime za mafutazo anakumba ndi agogo ake.

Iye amakayikira mwini siteshoni, bambo wamtali wosaseka, wokonda kukhala mu ofesi ya magalasi, wailesi ili pambali. Fulu anaona kuti wailesi ikanena kuti mafuta akwera pa msika wa dziko lonse, kaya chifukwa cha nkhondo, kaya mayiko okumba mafuta agwirizana zochepetsa, mtengo wa pachikwangwani sumachedwa kusintha. Ikanena kuti atsika, chikwangwanicho chimagona tulo.

Tsiku lina anafunsa. "Abwana, akuti kunjaku mafuta atsika. Nanga ife?"

"Amene ali pansi apawa anagulidwa pa mtengo wakale," anatero abwanawo. "Sitima imachedwa panyanja. Ndiye pali msonkho, mayendedwe, ndalama yathu kuchepa mphamvu."

"Akakwera, sitimayo imathamanga?"

Abwana anangoti, "Pita ukasanje masilinda a gasi."

Chaka china, mvula ili pakati, kunamveka mphekesera yoti mtengo ukwera kwambiri. Thankala inabwera n'kutsitsa petulo m'thanki ya pansi pa nthaka, ndipo tsiku lomwelo kunagwa chimvula. Kutacha, abwana anatsegula okha chivundikiro cha thankiyo, n'kulowetsa ndodo yoyezera, n'kuipukuta wina asanaione. Kenako anazimitsa mapampu a petulo.

"Mwalowa madzi," anauza antchito. "Tikagulitsa tipha mainjini a anthu."

Mzere wa magalimoto unabalalika anthu akutukwana. Fulu anayang'ana pa chivundikiro paja. Mvula inagwadi, ndipo pafupi ndi chivundikirocho panali chithaphwi. Koma mvula imagwa chaka chilichonse.

Madzulo kunyumba anapeza mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake, amene amayendetsa takisi. Anali atakhala pa mpando wa pakhomo, makiyi akuwazunguza pachala.

"Alamu, madzi ake ati?" anafunsa mlamuyo. "Thankala ndinaiona ndi maso angawa. Mukudikira mtengo watsopano, eti?"

"Ine ndinangouzidwa, alamu."

"Mwina nanunso muli ndi gawo lanu."

Telala anapitiriza kusoka batani, mutu uli pansi, ngati nkhaniyo ikuchitikira kwa aneba.

Mawu amenewo anamupweteka Fulu, komanso iye mwini amafuna kudziwa zoona. Lamulungu m'mawa, abwana ali ku tchalitchi ndipo mnzake wa pa dizilo atapita kukagula tiyi, anaitana mlamu wake. Fulu analowa mu ofesi, anayatsa swichi ya mapampu, n'kuthira petulo m'takisi. Anadonthezera pang'ono pa chikhatho. Anali petulo ngati wa masiku onse, wozizira, wouma msanga. Mlamu analipira, Fulu n'kuika ndalamazo mu dilowa, ndipo takisi inayenda bwinobwino mpaka kukhota pamphambano.

Lolemba mtengo watsopano unalengezedwa. Masana kunabwera bambo wa ovolosi ndi kapampu ndi mgolo. Anagwada pa chivundikiro kanthawi kochepa, abwana atamuimirira kumsana, n'kupopera mu mgolomo chinthu chimene wina aliyense sanachione. Atangochoka, mapampu anatsegulidwa.

Abwana anaima pa pampu ya Fulu, akuyang'ana manambala amene anasuntha pamene pampuyo imayenera kukhala yozima.

"Dzulo kunali bata?" anafunsa.

"Kunali bata, abwana."

Sanafunsenso. Fulu anaganiza kuti akuopa, poti kumukalipira kukanautsa funso loti galimoto yothiridwa madzi inayenda bwanji. Iyenso sakanaulula zimene anaona popanda kuulula zimene anachita. Mawa lake pa bokosi la swichi panali loko.

Kwa masabata angapo Fulu anayenda ndi mtima wa munthu wodziwa chinsinsi. Kenako takisi ya mlamu inayamba kutsokomola, mpaka inazima pa chitunda muli makasitomala. Makaniko anati m'thanki muli madzi. Makaniko ameneyo amanena zomwezo pa galimoto iliyonse yomwe yamukanika, koma mlamu anabwera kunyumba nkhope ili gwa.

"Alamu, munkadziwa kuti muli madzi, n'kundithirabe."

"Munandikakamiza ndinu. Komanso sabata ija simunagule petulo wa m'zigubu kuseri kwa msika?"

"Ndani wakuuzani?"

"Ndikufunsa."

Mlamu anakana, ndipo kukana kwake kunali kwa msanga kwambiri. Kuyambira pamenepo amathira ku siteshoni ina, ndipo akamadutsa pamphambano nkhope amalozetsa kutsidya. Pa ukwati wa mphwawo anapatsana moni wa m'manja, aliyense akuyang'ana kwina.

Telala ndiye anadzafunsa tsiku lina akusita malaya a kasitomala. "Koma iwe, pansi pa mtima, madziwo analipo?"

"Madzi amakhala pansi, petulo pamwamba," anayankha Fulu. "Mwina ndinathira wa pamwamba. Mwina ndinakokako pang'ono. Mwina munalibe n'komwe."

"Ndiye abwana ako ananama kapena ayi?"

"Sita malayawo, apsa."

Fulu akadali pa siteshoni yomweyo. Abwana sanamuchotse, komanso sanamusiyirenso makiyi a ofesi. Miyezi itapita, bambo wa ovolosi uja anaima pa pampu ndi kalole kake kudzathira dizilo. Fulu anathira pang'onopang'ono kuposa masiku onse, n'kuwerama pa windo.

"Bambo, tsiku lija mu mgolo muja munali chiyani?"

Bamboyo anayang'ana ku ofesi ya magalasi, kumene abwana anali ataimirira, manja ali m'matumba.

"Mayi," anatero akuliza injini, "ine ndimapopa chimene andiuza kuti ndipope."