Kamuvi ka sipidi

Galimoto yathu inali itakalamba kale pamene amuna anga ankaigula kwa mmwenye wina yemwe ankasamuka pa boma la Mwanza. Inali pikapu yobiriwira, yosupuka penti, koma ndiyo inkatidyetsa. Nyengo ya manachesi tinkagula zipatso m'midzi ya kwa Kanduku n'kukagulitsa ku Blantyre.

Chilema chake chinali chimodzi, kamuvi koonetsa sipidi. Kankayenda bwinobwino, kenaka n'kugwa pa ziro, zii. Galimoto ikagunda bampu kankadzuka, n'kumanjenjemera ngati munthu wa malungo. Ine sindinkaona vuto, poti matayala ankazungulira. Koma amuna anga kankawadya mutu. Akapeza mpata ankaikweza galimotoyo pamiyala kuseri kwa nyumba n'kulowa pansi pake ndi sipanala.

Anayamba ndi kumanga nati ya kuseri kwa dashibodi. Kamuvi kanagwira mpaka ku Thambani, pobwerera kanafa. Anasolola kebulo yoyendetsa kamuviko, kuitsuka m'parafini, kuipaka girisi, osathandiza. Anakayikira mita yeniyeniyo, koma ataipotokola ndi zala kamuvi kanakwera. Malaya onse abwino anathera pansi pa galimoto imeneyo, wochapa ndili ine.

Komabe chilema chija ndinayamba kuchikonda. Masiku amenewo kukakhala msonkhano waukulu, tcheyamani wa chipani ankayenda khomo ndi khomo kutenga magalimoto onyamula amayi ovina ndi mphatso. Kukana kunalibe, pokhapokha ngati watopa ndi kugona m'nyumba mwako. Koma galimoto ili pamiyala, waya ali lendelende, ankangoiyang'ana. Ine ndinkagwada n'kunena kuti, "Pepani atcheyamani, ikali kudwala." Iwo ankatsonya n'kumapita.

Chaka china manachesi atangoyamba kupsa, amuna anga anapeza gwero la chilema chija. Anamasula kebulo kumapeto kwake, kumene imalowa mu giyabokosi, n'kuona kuti nsonga yake ya ngodya zinayi inaperepeseka. Ichi n'chifukwa chake inkati pena kugwira, pena kuterereka. Anaiwotcha pamakala, kuisula ndi hamala, kuipala ndi tupa mpaka ngodya zinabwerera.

"Amayi, tabwerani mudzaone! Nthenda ndaigwira!"

"Abambo, chonde, isiyeni pamiyala pompo," ndinatero. "Msonkhano wa ku Blantyre uli pafupi. Udutse kaye."

"Aa, inunso! Ndingoiyesa pang'ono, mpaka pamsika basi."

Ndinapsa mtima, koma mwamuna amene wapambana samva. Anapita, maso ali pa kamuvi, osaona n'komwe kuti atcheyamani akhala pakhonde la sitolo. Pobwera ankaimba likhweru, akuti kamuvi sikanaphethire ngakhale pamabampu.

M'mawa mwake anyamata a chipani anafika ndi dalaivala wawo. Anapakira amayi, ng'oma, mbuzi ndi matumba a mtedza mpaka kumbuyo kunatsala pang'ono kukhudza pansi. Amuna anga anathamangira pawindo kukapempha dalaivalayo kuti azithira madzi mu radiyeta pa chitunda chilichonse. Iye anangoseka.

Galimoto inabwerako ikukokedwa ndi lole, injini itapsa. Palibe anapepesa. Atcheyamani anati tinyadire kuti galimoto yathu yatumikira dziko, ndipo ife tinawomba m'manja n'kuthokoza. Kuwomba m'manja kumeneko kumandiwawa mpaka lero, kuposa manachesi amene anawolera m'mitengo chaka chimenecho, kuposanso maganyu amene ndinayamba kulima m'minda ya anthu omwe kale ndinkawagula zipatso.

Injini ina sitinaipeze. Galimoto inabwerera pamiyala yake, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Tsiku lina ndikuchokera ku ganyu, khasu lili paphewa, ndinapeza miyendo ya amuna anga itatulukira pansi pake. Ankapotokola kebulo ija ndi zala.

"Amayi, tasuzumirani m'katimo. Kakukwera?"

Ndinasuzumira. Kankakwera bwinobwino, osanjenjemera.

"Kakukwera, abambo," ndinatero. "Ndiye tikupita kuti?"