Tikupita ku Blantyre, palibe wadwala

Lolemba lapitali ndinauza mayi a kunyumba, amake Dalitso, kuti Loweruka likubwerali tipite ku Blantyre. Anasiya kupeta mpunga n'kundiyang'ana.

"Wadwala ndani?"

"Palibe."

"Ndiye wamwalira ndani?"

Musawaseke. Kwathu kuno ku Mulanje, munthu akakwera minibasi pa Chitakale kulowera m'tauni, timadziwa kuti ndi matenda, maliro, kapena akukapikula katundu ku Limbe. Kungopita kukaona mzinda, kugona, n'kubwerako? Zimenezo timati n'za azungu obwera kudzakwera phiri ku Likhubula.

Koma kwa amake Dalitso nkhaniyi ndi yolemera kuposa apo. Ulendo wawo womaliza wa ku Blantyre anapita kukadwazika mng'ono wawo kuchipatala chachikulu. Anagona pasimenti masabata angapo, ndipo pobwerera anakhala kumbuyo kwa lole, pambali pa bokosi. Papita zaka, koma dzina la mzindawo likatchulidwa pa wailesi amangoti zii. Ine ndakhala ndikupemphera kuti mkazi wanga asakalambe akuopa malo amene nawonso ali m'dzanja la Mulungu.

"Ine kumeneko ayi," anatero. "Komanso mawondo angawa akakwera chiyani m'nyumba zosanja zija?"

Mawondowo anathera m'minda ya tiyi, dengu lili kumsana.

Lachitatu masana ndinagula bandulo ya intaneti, n'kukhala pakhonde ndi foni. Zinthu zimenezi ndaziphunzira kuukulu, choncho ndimadina mwamantha ngati munthu woponda mwala wa ndere pamtsinje. Ndinatsegula mapu kuti ndione msewu wa Midima, ndiye chala chinakhudza pena pake, mizere yonse ija n'kusanduka chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba.

Abale anga, ndinaona phiri la Mulanje ndili pamwamba pake.

Ndinabadwira pansi pa phiri limeneli. Moyo wanga wonse ndimachita kukweza khosi kuti ndilione. Tsiku limenelo linali m'chikhatho mwanga, makwinya ake onse ali poyera, mitsinje ikutsika ngati mitsempha ya padzanja la nkhalamba. Ndinavula chipewa osadziwa kuti ndavula.

Mayi anabwera kudzaona chimene chandikhalitsa chete. Ndinawaonetsa minda ya tiyi, yobiriwira ngati mphasa yoyalidwa bwino. Anazindikira okha munda umene anathyolamo zaka zonse zija, chifukwa cha kukhota kwa kamsewu ka mathirakitala. Kenako tinapeza denga lathu, ndi mtengo wa mapeyala kuseri kwake.

"Ndiye umu ndi mmene amationera?" anafunsa motsitsa mawu.

Ngati chombo cha mumlengalenga chopangidwa ndi manja a munthu chikutha kupeza denga langa pakati pa madenga onsewa, nanga Iye amene anaumba diso?

Tinatsata msewu ndi chala, kudutsa Nkando mpaka Limbe. Titalowa mumzinda anati, "Ndionetseni chipatala chija." Ndinawaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chala chawo pamenepo, chipatala chonse n'kubisika pansi pa chikhadabo.

"Chonse chija n'chimenechi?"

"N'chimenecho."

"Nanga kwinaku n'chiyani?"

Kwinako kunali mzinda wonse: misika, mabwalo a mpira, matchalitchi, mapiri ake, misewu imene sanaipondepo. Chisoni chinawauza kuti Blantyre ndi khonde limodzi la simenti, ndipo anakhulupirira. Kodi ndi angati a ife amene tinaweruza malo, kapena mtundu wonse wa anthu, chifukwa cha khonde limodzi pamene tinalirapo?

Panatsala nkhani ya mawondo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndiye ndinayamba kufunsa. Pansi pa dzina la malo aliwonse ogona alendo pali ndemanga za amene anagonapo, aliyense n'kupereka nyenyezi monga mwa kukhutira kwake. Ndinaziwerenga mokweza. Wina anapereka nyenyezi imodzi yokha chifukwa tambala wa nyumba yoyandikana anamudzutsa.

"Ameneyo abwere adzagone kuno, adzaona," anatero mayi, ndipo aka kanali koyamba kuseka pa nkhani ya Blantyre.

Kenako tinapeza ndemanga ya mayi wina. Analemba kuti anapita ndi amayi ake okalamba, kuti malowo ali ndi masitepe ambiri, koma kuseri kuli chipinda chapansi chimene munthu amalowa osakwera, ndipo ukapempha amakupatsa. Anawonjezera kuti madzi otentha amabwera m'ndowa, ndiponso kuti tchalitchi chili pafupi, poyenda pansi.

Amake Dalitso anati ndibwereze. Ndinabwereza.

"Ameneyu amandidziwa?"

Sakuwadziwa, ndipo sadzawadziwa. Ichi n'chimene chandizizwitsa sabata yonseyi kuposa phiri lija. Munthu anabwerera kwawo atatopa, palibe anamulipira, koma anakhala pansi n'kuganizira mawondo a mlendo amene sadzamuona. Ndinakumbuka azondi aja amene anatumidwa kukaona dziko la malonjezano. Onse anaona dziko limodzi. Ambiri anabwerako ndi nkhani ya zimphona, anthu n'kulira kuti abwerere ku ukapolo. Awiri okha ndiwo ananena kuti dzikolo ndi labwino, tiyeni. Mbadwo wonse unathera m'chipululu chifukwa cha ndemanga.

Nafe tili ndi lilime lomwelo. Tikakhumudwa pamalo timalengeza m'minibasi monse mpaka wotsikira ku Milonde amve. Tikalandiridwa bwino timangoti zikomo, nkhani n'kuthera pachipata. Sindikunena kuti tizinama, pakuti mayi uja sanabise masitepe. Ananena zoona zonse, chovuta ndi njira yake yomwe. Umboni ndi umenewo. Kutchalitchi timauimirira Lamulungu lililonse, koma za wophika amene anatipatsa chakudya chabwino, kapena kondakitala amene anatitsitsa pamalo oyenera, tinauzapo ndani?

Dzulo ndinaimba foni, ndipo chipinda chapansi chija atisungira. Pobwera kuchokera kumsika ndinapeza mayi akulongedza. Pamphasa panali beseni, fulasiki, bulangete lakale ndi kapoto kophikira phala, katundu yense wa munthu wokadwazika matenda. Manja anachita okha zimene anazolowera.

Tonse awiri tinayang'ana katunduyo. Kenako anatola beseni ndi kapoto n'kubwezera kukhitchini, natulutsa chitenje chatsopano chimene akhala akusungira ukwati wa Dalitso.

"Tikabwerako mudzalembe nanunso," anatero. "Mudzanene ngati mawondo anga anakwanitsa."

Ndidzalemba. Nanga inu, malo abwino amene munapitako, ndani akuwaopabe chifukwa munakhala chete?