Nkhokwe Imodzi ndi Apongozi

Ndikukumbukira chaka chimene makompyuta awiri anafika ku ofesi ya alimi a mbatata ya kachewere kwathu ku Mphunzi. Ndinali mu Sitandade 4, ndipo inali nyengo ya chisanu chija chong'amba milomo. Agogo anga aakazi, aNabanda, ndiwo anali mlembi wamkulu, ndipo bambo anga, a Mbewe, anali atangolembedwa kumene kuti aziwathandiza. Vuto linali loti bambowo anali mkamwini wawo. Chikwatirireni mayi, anali asanawayang'anepo apongozi awo kumaso. Akawaona akubwera panjira, ankapatukira m'munda wa kabichi wa eni ake.

Mphunzitsi wina wa ku Kabwazi, a Zakeyo, ndiwo anabwera kudzalumikiza makinawo. Anaboola khoma, n'kudutsitsa waya wabuluu kuchokera m'chipinda cha agogo kupita cha bambo. Fumbi la njerwa linatiyetsemulitsa tonse. Kenako anafotokoza kuti mayina onse a alimi azisungidwa m'kompyuta ya agogo, koma onse awiri angathe kulembamo nthawi imodzi, aliyense ali pampando wake. Anati nkhokwe ndi imodzi, makomo ndi awiri.

Fanizo limenelo ndilo linaononga zinthu. Bambo atamva zolowa m'nkhokwe imodzi ndi apongozi, anatuluka thukuta m'chisanu chonsecho.

Pakona pa galasi la kompyuta pankaoneka dzina la aliyense amene walowamo. La agogo likangotulukira, bambo ankatseka msangamsanga n'kupinda manja. Ine ndikaweruka kusukulu, ankandituma kuti ndikasuzumire ngati agogo apita kukamwa tiyi. Koma agogo tiyi wawo ankamwera pomwepo, dzanja lina lili pa makina.

Lole yobweretsa mbewu inali pafupi kufika, ndipo mlimi wosalembedwa sakanalandira kanthu. Mayina a gawo la bambo anali asanalowe n'komwe. A komiti anayamba kunong'onezana kuti mwina ntchitoyi yawakulira a Mbewe, ndipo kunyumba mayi anasiya kuseka. Ine ndinkachita mantha kwambiri kuti bambo awachotsa ntchito. A Zakeyo anaitanidwanso, anaunika waya yense, sanapeze vuto.

Tsiku lina agogo anandigwira ndikusuzumira, n'kundifunsa chimene ndinkafuna. Ndinawauza zonse. Anavula magalasi, n'kupita pabowo paja pamene pankadutsa waya. Anawerama, nakweza mawu.

"Iwe waya, ukandiuzire a Mbewe kuti mbewu sidziwa chipongozi. Alowe. Ine ndizilemba alimi a kumtunda, iwo a kumunsi. Sitigundana."

Ndinathamangira kuchipinda chinacho kuti ndikaone. Ndinapeza bambo atatsika pampando, atanjuta, akuombera m'manja bowolo. Anauza wayayo mwaulemu kuti akawauze amayi kuti amva. Madzulo amenewo mayina awiri aja anaonekera limodzi pagalasi koyamba, ndipo bambo ankalemba ataphimba konayo ndi chipewa. Lole itafika, palibe mlimi amene anabwerera chimanjamanja.

Masiku ano akamwini amatumizirana zithunzi ndi apongozi pafoni, palibenso wothawira m'kabichi. Agogo anatisiya kalekale, makompyuta anasinthidwa, ndipo mlembi wamkulu tsopano ndi bambo. Nditapita kukawaona chaka chatha, ndinapeza dzina la aNabanda likadali pakati pa ololedwa kulowa m'kompyutamo. Ndinati ndiwathandize kulifufuta, koma anandigwira dzanja.

"Lisiye, mwanawe. Mkamwini satulutsa apongozi m'nkhokwe mwawo."